Zimene Zimasankhidwa Pulogalamu Isanafike ku Chintheche

Pa tauni ya Chintheche, m'mbali mwa msewu wa M5, ntchito yokonza mafoni yakula kwambiri m'zaka khumi zapitazi. Anyamata a ntchitoyi amasintha sikirini yosweka, amawotcherera pochajira, amaflasha foni imene yakana kuyaka, ndiponso amaikira anthu mapulogalamu kuti asawononge bandulo. Ntchito yomalizayi ndi imene ikunka ivuta chaka ndi chaka. Kale munthu ankangokoka fayilo imodzi kudzera pa Xender kapena SHAREit kuchokera m'foni ya mnzake, n'kuika, nkhani n'kutha. Lero fayilo imadutsa bwinobwino, koma poiika foni imayankha kuti "App not installed". Mwini foni amakayikira luso la wokonza, wokonzayo amati foni ndiyo yakalamba, pamene chigamulo chenicheni chinapangidwa kalekale, kutali ndi nyanja ino, pa tsiku limene pulogalamuyo inkamangidwa.

Nkhani imeneyi sikambidwa pa wailesi kapena ku Nyumba ya Malamulo, koma ikukhudza msodzi, mphunzitsi ndi namwino mofanana, ndipo tikuona kuti nthawi yakwana yoti tiiunike: tachokera kuti, tili pati, nanga tikufuna chiyani.

Pulogalamu imalembedwa ndi munthu m'chinenero chimene munthu angawerenge, monga C, Java kapena Kotlin. Foni siimva zimenezo. Pamafunika pulogalamu ina, yotchedwa compiler, imene imasandutsa zolembedwazo kukhala malamulo amene purosesa imamva. Ophunzira a makompyuta amati kukompaila. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti pokompaila, womanga amauza compiler zoti itenge ndi zoti isiye. Kuchokera pa zolembedwa zomwezo angathe kutulutsa mitundu ingapo ya pulogalamu imodzi: wa foni yamphamvu, wa foni yotsika mtengo, wokhala ndi zinenero khumi, wokhala ndi Chingerezi chokha.

Tiyerekeze kuti wophunzira wa pa Mzuzu University walemba pulogalamu ya C yoti Beach Village Committee izilembera usipa umene wakocheza pa doko m'mawa uliwonse. Mbali ina ya pulogalamuyo imatumiza ziwerengero ku ofesi ya zausodzi kudzera pa intaneti. Mbali ina imazisunga m'foni momwemo kufikira tsiku limene netiweki ipezeke. Mbali yachiwiriyi angaitsekere pakati pa mizere iwiri, woyamba wolembedwa kuti #ifdef POPANDA_NETIWEKI, womaliza wolembedwa kuti #endif. Akamamanga, ngati alemba gcc -DPOPANDA_NETIWEKI, mbaliyo imalowa. Akapanda kulemba mawu amenewo, compiler imailumpha ngati kuti sinalembedwepo, ndipo m'pulogalamu yomalizidwayo mulibe ngakhale fungo lake. Akawonjezera -Os, compiler imayesetsa kuti pulogalamu ikhale yaing'ono. Akaika -O2, imaika mtima pa liwiro. Mlembi wa komiti uja, ataimirira pa mchenga ndi foni yake, sangafufuze mu Settings n'kuipeza mbali imene inasiyidwa. Kulibeko.

Msodzi wa kuno amaimva bwino nkhaniyi akaganizira za bwato. Ali panyanja angasankhe kopalasira, angasankhe kuponya chilimira kapena kubwerera kumtunda poona mwera. Koma kutalika kwa bwatolo, kuya kwake ndi katundu amene linganyamule zinagamulidwa ndi wosema pamene mtengo unali gone pansi. Zosankha za mwini foni zili ngati za wopalasa, za womanga pulogalamu zili ngati za wosema.

Njira imeneyi si yatsopano. Dennis Ritchie anapanga chinenero cha C ku Bell Labs kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo posakhalitsa chinakhala ndi njira yolowetsa kapena kusiya zigawo pomanga. Richard Stallman anatulutsa GCC mu 1987, compiler yaulere imene aliyense angagwiritse ntchito, ndipo mu 1991 Linus Torvalds anayamba Linux. Lero phata la Linux lili ndi zosankha zoposa 10,000 zimene womanga amayatsa kapena kuzimitsa. Android inamangidwa pamwamba pa Linux. Choncho itel kapena Tecno iliyonse ya Android imene ili m'thumba la wogulitsa kondowole ku Chintheche yanyamula mayankho a mafunso masauzande ambiri, ndipo anayankha ndi mainjiniya amene mwini foniyo sadzakumana nawo.

Tisafulumire kudandaula. Popanda luso limeneli, foni yotsika mtengo sikanakhalapo. Linux yomwe imayendetsa makompyuta akuluakulu a mabanki ndi yomwe imayendetsa foni ya memori yochepa, ndipo izi zimatheka chifukwa womanga amadula zonse zimene foniyo sizifuna. Kusiya zinthu ndi luso, ndipo ku Malawi kuno linaonetsedwa kale. Mu 2001, Gerry Douglas ndi anzake a Baobab Health anaika makompyuta ongodina pa sikirini ku chipatala chachikulu cha Lilongwe, chomwe lero ndi Kamuzu Central Hospital. Anatenga timakina totsika mtengo totchedwa i-Opener, timene tinapangidwira anthu a ku America ongofuna intaneti, n'kutisintha kuti tigwire ntchito yolembetsa odwala ndi magetsi ochepa. Pambuyo pake njira imeneyo inafalikira m'zipatala zambiri zopereka ma ARV. Chimene chinapindulitsa ntchitoyo n'chakuti amene ankagamula zolowa ndi zotsala ankakhala pafupi ndi mzere wa odwala, ankaona magetsi akuzima, ankaona kalaliki amene sanagwirepo kiyibodi.

Panafika nyengo ina imene makampani akuluakulu anakumbukira anthu ngati ife. Facebook Lite inatuluka mu 2015, yosafika ngakhale megabaiti imodzi. Mu 2017 Google inalengeza Android Go ya mafoni a memori yochepa, pamodzi ndi mapulogalamu opepuka monga YouTube Go. Ena mwa amenewa anali mapulogalamu olembedwa paokha, ena anali mitundu yodulidwa ya pulogalamu yaikulu, koma cholinga chinali chimodzi. Nyengoyo sinakhalitse. YouTube Go inatsekedwa mu 2022, Messenger Lite mu 2023. Kusamalira mitundu iwiri ya chinthu chimodzi kumadya ndalama, ndipo mtundu wa anthu osauka ndi umene umayamba kugwa.

Tibwerere ku uthenga uja wa "App not installed", chifukwa mpamene nkhaniyi imaonekera poyera. Kale pulogalamu ya Android inkabwera ngati fayilo imodzi ya APK yonyamula zonse: malamulo a mitundu yosiyanasiyana ya purosesa, zithunzi za masikirini aakulu ndi aang'ono, zinenero zonse zimene womanga anaikamo. Inali yolemera, koma inkalowa pafupifupi m'foni iliyonse. N'chifukwa chake munthu mmodzi wokhala ndi bandulo ankatha kudawunilodi kamodzi n'kugawira mudzi wonse, kuchokera ku Bandawe mpaka ku Kande. Mu 2018 Google inabweretsa njira ya App Bundle, ndipo kuyambira mu August 2021 mapulogalamu atsopano a pa Play Store amayenera kuitsata. Mwa njira imeneyi womanga amatumiza mtolo wonse ku Google, ndipo foni iliyonse imalandira zidutswa zoyenera iyo yokha: chidutswa chachikulu, china cha purosesa yake, china cha sikirini yake, china cha chinenero chake. Wodawunilodi amapulumutsadi data, zimenezo n'zoona. Koma akafuna kupatsako mnzake, kawirikawiri chimene chimadutsa ndi chidutswa chachikulu chokha, kapena zidutswa za purosesa ya 64-bit kupita ku foni ya 32-bit. Foni yolandirayo imakana.

Amene anakonza njirayi ankaganiza za munthu mmodzi, foni imodzi ndi intaneti yake. Kuno timagawana. Mwambo wogawana mafayilo unali njira yathu yogonjetsera kukwera mtengo kwa data, ndipo unasokonezeka chifukwa cha kusintha kwa kamangidwe, popanda lamulo lililonse lodutsa ku MACRA. Womanga angathe kutulutsanso APK imodzi yokwana mafoni onse n'kuiika pa webusaiti yake, monga WhatsApp imachitira. Sizivuta. Zimangofuna kuti wina pa tebulo lomangira adziwe kuti anthu ngati a ku Chintheche alipo.

Palinso kamzere kena kakang'ono, kotchedwa minSdkVersion, kamene womanga amalembapo nambala ya Android yakale kwambiri imene pulogalamu yake ivomere. Mu October 2023 WhatsApp inasiya kugwira ntchito pa mafoni a Android yakale kuposa 5.0. Mwezi wotsatira, mu November 2023, kwacha inagwa ndi 44 peresenti, itagwa kale ndi 25 peresenti mu May 2022. Zinthu ziwirizi sizinakonzedwe pamodzi, koma zinagwera munthu mmodzi. Chigawo chino chakhala chikutumiza ana ake ku Joni kwa zaka zoposa zana, kuyambira m'masiku a Clements Kadalie wa ku Chifira, ndipo lero WhatsApp ndi imene imalumikiza gogo wa ku Chintheche ndi mdzukulu wa ku Johannesburg. Nambala imodzi ikasintha, gogoyo amafunika foni yatsopano pa nthawi imene ndalama yatha mphamvu. Sitikunena kuti makampani azisamalira mafoni akale mpaka kalekale, chifukwa Android yakale ili ndi mipata imene akuba amalowerapo. Tikunena kuti mtengo wa chigamulo chotere umalipiridwa kuno, ndi anthu amene sanafunsidwe.

Kutsogoloku vuto lofanana likubwera kudzera pa purosesa. Kuyambira mu August 2019 Google inalamula kuti mapulogalamu okhala ndi malamulo olunjika ku purosesa azikhala ndi mtundu wa 64-bit. Mu 2022 foni ya Pixel 7 inatuluka yosalandira mapulogalamu a 32-bit. Dziko likulowera kumeneko, ndipo womanga aliyense tsiku lina adzadzifunsa ngati n'kofunikabe kumanga mtundu wa 32-bit, wotchedwa armeabi-v7a. Mafoni ambiri otsika mtengo amene ali m'manja mwa anthu kuno akudalirabe mtundu umenewo. Kuufufuta pa mndandanda n'kwa mphindi imodzi.

Tsopano nkhani ya chinenero, imene ife olemba Chichewa tiyenera kuikamba moona mtima. Timakonda kudandaula kuti mapulogalamu alibe Chichewa, ndipo dandaulolo n'lomveka. Chichewa chinalowa mu Google Translate mu 2014, Chitumbuka mu 2024, koma mapulogalamu ambiri a tsiku ndi tsiku akadali m'Chingerezi. Pomanga pulogalamu ya Android, womanga angathe kulemba mndandanda wa zinenero zoti zitsale, zina zonse n'kutayidwa kuti fayilo ichepe. Chichewa chili ndi chizindikiro chake pa mndandanda wa dziko lonse, ny, Chitumbuka ndi tum, Chitonga cha kuno kunyanja ndi tog. Malo alipo, mawu oti alowemo ndi amene sanaikidwe. Ndipo mwana wa ku Chintheche sayamwa Chichewa, amayamwa Chitonga, chinenero chimene chakhala chikulembedwa kuyambira pamene mishoni ya Livingstonia inakhazikika ku Bandawe mu 1881. Ngati ife timamva kuwawa Chichewa chikasiyidwa, tidziwe kuti Mtonga amasiyidwa kawiri, koyamba ndi womanga wa kunja, kachiwiri ndi womanga wa ku Lilongwe.

Apa mpamene ntchito ya BEFIT ikutipatsa mwayi. Kuyambira mu 2023 boma, mothandizana ndi Imagine Worldwide, onebillion ndi VSO, lakhala likuika matabuleti ochajidwa ndi sola m'sukulu za pulayimale, kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira kuwerenga ndi masamu popanda intaneti. Cholinga n'chakuti afike m'sukulu zonse za boma. Ndi ntchito yabwino ndipo tikuifunira zabwino. Funso lathu kwa aunduna wa zamaphunziro ndi laukadaulo, osati landale: kodi chinenero chinaumbidwa m'kati mwa pulogalamu, kapena chili ngati phukusi loti lingawonjezedwe? Ngati n'lophukusi, ndiye kuti tsiku limene aphunzitsi a ku Nkhata Bay adzajambule malangizo a masamu m'Chitonga, mawuwo angalowe m'matabuleti popanda kudikira kuti wina kunja amange zonse mwatsopano. Mfundo yathu pa zinthu zotere ndi yakuti chimene chimadalira makina, monga purosesa ndi kukula kwa memori, chigamulidwe pomanga, koma chimene chimadalira munthu, monga chinenero, kukula kwa zilembo ndi kagwiritsidwe ka data, chisiyidwe m'manja mwa munthuyo.

Wina angati, bwanji osangomanga mtundu wa aliyense? Masamu ake ndi oopsa. Chosankha chilichonse cha inde kapena ayi chimachulukitsa mitundu kawiri. Zosankha 10 zimabala mitundu 1,024, zosankha 20 zimabala 1,048,576. Palibe kampani imene ingayese yonseyo, choncho imayesa ingapo imene mabwana ndi makasitomala aakulu amagwiritsa ntchito, ndipo cholakwika chimabisala mu mtundu umene palibe anauyesa. Henry Spencer ndi Geoff Collyer anachenjeza za zimenezi mu 1992, ataona mapulogalamu atadzaza ma #ifdef mpaka owalemba omwe osathanso kuwatsatira. Achinyamata athu amene akuyamba ntchitoyi amve chenjezo limeneli. Kasitomala aliyense akapempha kusintha, chiyeso chimakhala kuwonjezera chosankha chatsopano, ndipo pakatha zaka ziwiri pulogalamu ya SACCO ya ku Mzuzu ndi ya ku Nkhotakota zimakhala zosiyana m'njira zimene palibe analemba pena paliponse.

Komabe zosankha zomwezi zimapulumutsa. Pa 7 April 2014 dziko linamva za Heartbleed, cholakwika cha mu OpenSSL, pulogalamu imene imateteza mauthenga ndi mapasiwedi pa intaneti. Cholakwikacho chinali m'kagawo kakang'ono kotchedwa heartbeat, kamene ambiri sankakafuna n'komwe koma kanali koyatsidwa. Amene sakanatha kusintha msanga kupita ku mtundu wokonzedwa analangizidwa kumanganso OpenSSL ndi -DOPENSSL_NO_HEARTBEATS. Google inanena kuti mwa mitundu ya Android, 4.1.1 yokha ndiyo inali pangozi, ndipo mitundu yotsatira inali itamangidwa gawolo litazimitsidwa. Malangizo aja anathandiza okhawo amene anali ndi code, zolembedwa zoyambirira za pulogalamuyo, m'manja ndiponso odziwa kumanga. Ena onse anangokhala kudikira.

Patatha zaka khumi, mu March 2024, injiniya wina dzina lake Andres Freund anaona kuti kulowa mu kompyuta yake kudzera pa SSH, njira yolowera ali patali, kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi. Atafufuza anapeza khomo lachinsinsi mu xz, pulogalamu yopanikiza mafayilo imene ili m'makompyuta ambiri a Linux. Wochita chiwembuyo sanaike msampha wake poonekera. Anaubisa m'malangizo omangira, oti uzilowa pokhapokha pulogalamu ikumangidwira makina a x86-64 ndiponso ikupakidwa m'njira ya deb kapena rpm. Munthu akanatha kuwerenga code yooneka ija osapeza kanthu. Kuyambira pamenepo, wogula pulogalamu amene wapatsidwa code yokha popanda malangizo omangira adziwe kuti wapatsidwa theka.

Izi zikutifikitsa ku boma lathu. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata angapo, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti makinawo alowedwa ndi akuba a pa intaneti ofuna dipo. Anthu anakangana za gwero la vutolo, ndipo sitilowa m'mkanganowo pano. Chimene aliyense anaona n'chakuti dziko likhoza kugwada chifukwa cha pulogalamu imene silingathe kuidzutsa lokha msanga. Mapulogalamu a boma akuchulukirachulukira: a zitupa za unzika, a misonkho, a zipatala, a mtukula pakhomo, a zipangizo zaulimi zotsika mtengo. Tikupempha kuti mgwirizano uliwonse wogula pulogalamu uzikhala ndi mfundo yakuti wogulitsa apereke code, mndandanda wa zosankha zonse zimene anagwiritsa ntchito pomanga, ndi mtundu wa compiler. Ndipo asanalandire malipiro omaliza, wantchito wa boma, pa kompyuta ya boma, amange pulogalamuyo yekha kuchokera pa chiyambi, n'kuona ngati yatuluka yofanana ndi imene ikugwira ntchito. Anthu okonza Linux ya Debian ndi ena akhala akulimbikira njira imeneyi kwa zaka zoposa khumi, ndipo zida zake n'zaulere.

Sukulu zathu za ukachenjede nazo zili ndi gawo. Ku Mzuni, ku UNIMA, ku MUBAS, ku MUST ndi ku University of Livingstonia kukutuluka achinyamata odziwa kulemba mapulogalamu. Ambiri amaphunzira podina batani lobiriwira la Run, pulogalamu n'kuyenda pa laputopu yawo, n'kupatsidwa malikisi. Zimene zimachitika kuseri kwa batanilo zimaonedwa ngati zotopetsa, zosayenera mayeso. Ife tikuona kuti wophunzira asamalize digiri asanamangepo phata la Linux ndi manja ake, kuzimitsa zigawo mpaka likwane pa kamakina kakang'ono, ndiponso asanatulutsepo pulogalamu imodzi m'mitundu iwiri, wa foni yamphamvu ndi wa itel ya gigabaiti imodzi, n'kufotokoza chimene wasiya ndi chifukwa chake. Kufotokozako n'kofunika kuposa kumangako, chifukwa mpamene wophunzira amazindikira kuti chosankha chilichonse chili ndi munthu kumapeto kwake.

Ndipo poyesa mapulogalamu, tisamathere mu ofesi za ku City Centre zokhala ndi Wi-Fi ndi jenereta. Amene amadziwa mafoni enieni a dziko lino ndi anyamata okonza mafoni aja. Amadziwa mtundu umene umatentha ukachajidwa pa batire la sola, umene memori yake imadzaza ndi mavidiyo a pa WhatsApp pakatha mwezi, umene umakana pulogalamu ya banki. Nzeru imeneyi palibe amene akuisonkhanitsa. Bungwe lililonse, la boma kapena loima palokha, limene likukonza pulogalamu ya asodzi, ya alimi a chinangwa kapena ya ogwira ntchito m'minda ya tiyi ya Kawalazi ndi ya labala ya Vizara, likhoza kulemba ganyu wokonza mafoni mmodzi wa pa Chintheche kwa sabata, kumupatsa fayilo, n'kumupempha kuti aiike m'mafoni makumi awiri oyamba amene afike pa benchi yake, ndiponso kuti ayese kuitumiza kuchokera ku foni ina kupita ku ina popanda intaneti. Mndandanda wa mafoni amene akana ndiwo uzipita kwa womanga, ndipo minSdkVersion, mitundu ya purosesa ndi zinenero zizilembedwa mndandandawo uli pa tebulo, pulogalamu isanalengezedwe pa wailesi.